SIWA, MUDZI WA M'CIPULULU

Kumpoto kwa Africa kuli cipululu cacikulu ca Sahara, kumene munthu angayende masiku ambiri osaona mtengo kapena mtsinje. Koma m'malo ena madzi a pansi pa nthaka amatumphuka, ndipo pamenepo anthu amamanga midzi. Umodzi wa midzi yotere ndiwo Siwa, kumadzulo kwa dziko la Egypt, pafupi ndi malire a Libya.

Mudziwu uli m'cigwa cakuya, momwe muli akasupe ambiri ndi nyanja za madzi amcere. Anthu amakumba ngalande zotengera madzi a akasupe ku minda yao ya kanjedza ndi azitona. Zipatso za mitengo iwiriyi ndizo cuma cao. Cilankhulo cao ndi Siwi, ca mtundu wa Berber, koma amadziwanso Ciarabu.

Kale lomwe Siwa unachuka cifukwa ca kacisi wa mulungu wao Amun, kumene anthu ocokera kutali anali kudzafunsira za m'tsogolo. M'caka ca 331 Kristu asanabadwe, mfumu Alexander Wamkulu inaoloka cipululu kudzafika pa kacisiyo, ndipo ansembe anailonjera monga mwana wa Amun.

Ca m'ma 1203 anthu a ku Siwa anamanga linga lochedwa Shali poopa acifwamba a m'cipululu. Makoma ace anali a dothi losanganiza ndi miyala ya mcere, mitanda yace inali ya kanjedza. Nyumba zinasanjikizana, makwalala anali opapatiza. Popeza mvula siigwa kawirikawiri kumeneko, lingalo linakhala zaka zoposa 700. Koma m'caka ca 1926 mvula inagwa masiku atatu. Mcere unasungunuka, nyumba zambiri zinagumuka, ndipo anthu anatuluka kukamanga kunja kwa linga.

Bvuto lina la madzi labwera m'zaka za posacedwa. Mseu wa phula wocokera ku Marsa Matruh utafika, malonda anakula, ndipo alimi anakumba zitsime zambiri kuti akulitse minda. Madzi otsala pothirira alibe mtsinje woatulutsa m'cigwamo. Motero amathera m'nyanja zija, nazidzaza, ndipo mcere umakwera m'nthaka ndi kufooketsa mitengo.

Taonani tsono, ana inu: madzi ndiwo anabala mudzi wa Siwa, koma madzi omwewo angauononge ngati anthu satunga mwanzeru.

MAFUNSO

1. Kodi anthu a ku Siwa amalima ciani?
2. Cifukwa ninji nyumba za Shali zinagumuka m'caka ca 1926?
3. Fotokozani m'mene kuculuka kwa zitsime kumaonongera minda.