Mtolankhani wa malilime awiri

Mukamuona mtolankhani wa pa boma la Ntcheu ali pa ntchito, musayang'ane foni yomwe waloza kukamwa kwa munthu. Yang'anani dzanja linalo. Mayi wa ku Nzama akufotokoza m'Chichewa chake cha ku Ntcheu kuti mbatatesi yapsa masamba ndi chiwawu mvula itakakamira sabata yathunthu. Mnyamatayo akuvomera ndi mutu, "eya mayi, pitirizani," koma cholembera chikuthamanga m'Chingerezi. Madzulo nkhani ija ayitumiza pa WhatsApp kwa mkonzi ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo kumeneko wina ayibwezera m'Chichewa mothamanga kuti iwerengedwe pa wailesi. Mayi uja dzina la mudzi wake alimva ndithu, koma mawuwo si ake. Chiwawu chasanduka "matenda ena a mbewu," iye mwini wasanduka "mmodzi mwa alimi omwe akhudzidwa."

Mnyamatayu sindimuimba mlandu. Akuchita zomwe anaphunzira, ndipo anaphunzira bwino. Utolankhani masiku ano ndi wa masatifiketi. Ena atenga digiri ku MUBAS ku Blantyre, komwe mpaka 2021 tinkakutcha ku Polytechnic. Ena aphunzira zofalitsa nkhani ku University of Malawi ku Zomba. Ambiri adzera ku Malawi Institute of Journalism, komwe amayeserera ntchito pa MIJ FM asanatuluke. Amawaphunzitsa kufunsa kuti ndani, chiyani, kuti, liti, bwanji. Kumva mbali zonse ziwiri. Kupewa kunyoza munthu. Kugwiritsa ntchito lamulo lopezera nkhani ku maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Zonsezi n'zofunika. Koma khomo lolowera ku yunivesite ndi Chingerezi cha pa MSCE, mabuku ndi a Chingerezi, mayeso nawo a Chingerezi. Chichewa amangochiyesa chinthu choti aliyense anayamwira, chosafuna kusula.

Apa ndiye pamandipweteka. Kuyankhula chinenero ndi kwina, kuchilemba kuti mlimi amve kamodzi n'kumvetsa ndi kwinanso. Akonzi achikulire a masamba a Chichewa amadandaula mofanana: ana a lero amabweretsa Chingerezi chovala chitenje. Chiganizo chimayamba ndi "malinga ndi," chidutsa pa "zomwe zapangitsa kuti," n'kukathera kutali wowerenga atapuma kawiri. Anyamatawo nawo ali ndi yankho lawo, ndipo si lopusa. Amati nkhani ya Chingerezi ndi yomwe imakwera patsamba loyamba, ndi yomwe bwana wa bungwe amaiona, ndi yomwe ungaonetse pofunsira ntchito. Amati ukazolowera kulemba za Chichewa anzako amakuyesa kuti Chingerezi chinakukanika. Owerenga nkhani pa wailesi amati pepala limawapeza mphindi zitatsala pang'ono, ndiye alimasulire liti mwachifatse? Aliyense akunena zoona, koma wolipira mtengo wake ndi womvera.

Pamwamba pa izi pali umphawi wa ntchitoyi. Kuchoka pa boma la Ntcheu kupita ku Nzama ndi kubwerera pamafunika ya kabaza, ya bandulo, ya chakudya. Mtolankhani wolipidwa pa nkhani iliyonse yomwe yatuluka amawerengera kawiri asananyamuke, chifukwa ikapanda kutuluka ndalama ija yapita. N'chifukwa chake ambiri amadikira galimoto ya bungwe kapena ya phungu, yomwe ikawatula, kuwabweza, n'kuwapatira chipondamthengo. Iwo eni amati akachikana adya chiyani. Ndimawamvera chisoni, komabe wokunyamula ndi amene amasankha mudzi wokafika, munthu wokamufunsa, ngakhalenso chinenero, poti lipoti lake likupita kwa omuthandiza akunja. Mayi wa chiwawu uja amamveka pokhapokha ngati munda wake uli m'mbali mwa msewu womwe galimotoyo yadzera.

Pomwetu ku Nzama komweko mbiri ikutiuza zina. Kumeneko, m'dera la mfumu Njobvuyalema, ndi komwe ansembe a chipani cha Montfort, a Pierre Bourget, a Antoine Winnen ndi a Auguste Prézeau, anakhazikika mu 1901. Anali alendo, ndipo sakadaphunzitsa mwana ngakhale mmodzi asanaphunzire kaye okha kuyankhula kwa eni dera. Chipani chomwecho pambuyo pake chinatsegula nyumba yosindikizira mabuku ku Balaka, ndipo kumeneko ndi komwe kunasindikizidwa kalata ya maepiskopi yomwe inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992. Kalatayo inatuluka m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Ikadakhala ya Chingerezi chokha ikadathera m'maofesi. Koma anthu anaimva m'chinenero chawo, anakaikambirana kudimba ndi kumsika, ndipo pa 14 June 1993 anavotera ndale za zipani zambiri. Ufulu womwe atolankhani amakondwerera pa 3 May chaka chilichonse unadzera m'makutu a anthu wamba.

Luso limeneli silinafe. Ku Balaka kuja kwakhala kukutuluka Mkwaso, ku Likuni Odini, kuboma Boma Lathu, ndipo a Nation ali ndi Fuko ndi Tamvani. Mawailesi a m'madera monga Bembeke FM ku Dedza amakhalira Chichewa tsiku lonse. Koma ambiri mwa olemba bwino m'malo amenewa anaphunzirira pa ntchito, pansi pa mkonzi wouma mtima amene ankabweza pepala katatu. Akonzi otere akupuma mmodzimmodzi, ndipo zomwe amadziwa akupita nazo kwawo.

Ndipo si nkhani za pa wailesi zokha. Pali mlembi wina amene dzina lake silimveka: wolemba malangizo a pa botolo la mankhwala opopera kabichi, kapena kapepala ka kamwedwe ka mankhwala a malungo. Iyeyu akalemba "muyeso woyenera" m'malo monena kuti zitsekerero zingati mu malita angati a madzi, mlimi amangothira mwa maso. Mbewu ipsa, kapena wodya kabichiyo adwala. Kulemba malangizo ndi ntchito yophunziridwa, ndipo yoyenera kuphunziridwa m'chinenero cha woti awatsate.

Akatswiri alipo. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies, yomwe inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Akonzi opuma aja akadali moyo ndipo angaphunzitse. Inu oyendetsa masukulu a utolankhani, ikani phunziro la kulemba nkhani m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, likhale ndi mayeso ake, ndipo wolephera asalandire satifiketi. Inunso eni nyuzi ndi mawailesi, mupatseni mtolankhani ndalama yake yoyendera kuti akafike ku Nzama pa yekha.