DZINA LA TIMU YA BULLETS

Pa msika wa Chitakale ku Mulanje, anyamata ambiri amavala malaya ofiira a timu ya mpira ya Bullets. Agogo ao amaitchula timuyi kuti Bata Bullets, pamene anyamatawo amati Nyasa Big Bullets. Kodi wolondola ndani? Onsewo akulondola, pakuti timuyi yakhala ikusintha maina.

Timu ya Bullets inayamba mu mzinda wa Blantyre m'chaka cha 1967. Anaiyambitsa ndi oseŵera ena amene anapatuka ku timu ya Wanderers. Liu lakuti Bullets ndi la Chingerezi, ndipo litanthauza zipolopolo.

Kuyendetsa timu kumalira ndalama zambiri. Pamafunika mipira, nsapato, yunifomu, galimoto yoyendera ndiponso malipiro a oseŵera. Chifukwa cha ichi, timu imafunafuna kampani yoithandiza. Kampaniyo ikapereka ndalama, dzina lake limalembedwa pa malaya a oseŵera, ndipo nthaŵi zina limaphatikizidwa ku dzina la timu. Potero malonda ake amadziŵika kwa anthu ambiri.

Kampani yopanga nsapato ya Bata itayamba kuthandiza timuyi, dzina linakhala Bata Bullets. Pa nthaŵi imeneyo ndi pamene Kinnah Phiri anatchuka ndi kumwetsa zigoli. Pambuyo pake kampani ya mafuta a galimoto ya Total inatenga malo a Bata, ndipo timuyi inatchedwa Total Big Bullets.

M'chaka cha 2003 Bakili Muluzi, amene anali Pulezidenti wa dziko la Malaŵi, anayamba kuithandiza, ndipo inatchedwa Bakili Bullets. Mu 2004 inafika pakati pa matimu 8 otsiriza mu mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Thandizolo litatha, inatsala ndi dzina lakuti Big Bullets, ndipo inavutika ndi kusoŵa ndalama. Mu 2015 kunabwera kampani ya Nyasa Manufacturing, ndipo mu 2023 banki ya First Capital inaonjezapo zilembo za FCB.

Ngakhale maina asintha chotere, zinthu ziŵiri sizinasinthe: liu lakuti Bullets ndi mtundu wofiira. Makampani amabwera ndi kupita, koma ochemerera amakhalabe. Nchifukwa chake agogo ndi mdzukulu amakhalira pamodzi pa wailesi, nafuula kuti, "Maule!"

MAFUNSO
1. Kodi timu ya Bullets inayamba liti?
2. Nchifukwa chiyani makampani amathandiza matimu a mpira?
3. Tchulani zinthu ziŵiri zimene sizinasinthe pa timuyi.