KUJAMBULA MABALUNI OWALA USIKU

Pamene anthu atentha thengo m'nyengo ya cilimwe, mumaona phulusa ndi timasamba tikukwera kumwamba pamodzi ndi utsi. Cimene cinyamula zimenezi ndi mpweya wotentha, pakuti mpweya ukatentha umapepuka koposa wozizira. Anthu anaphunzira kusunga mpweya wotere m'thumba lalikulu la nsalu, ndipo thumbalo lichedwa baluni. Kunsi kwace amangirirako dengu lokhalamo anthu.

Oyamba kupanga baluni yotere anali Joseph ndi Étienne Montgolfier, munthu ndi mng'ono wace, a ku France. M'caka ca 1783 anakwezamo nkhosa, bakha ndi tambala, ndipo zonse zinatsika zamoyo. Pa 21 November caka comweco amuna awiri anauluka pamwamba pa mzinda wa Paris. Mabaluni a makono ngosokedwa ndi nsalu ya nailoni, ndipo moto wace ndi wa gasi wochedwa propane. Ambiri a iwo msinkhu wao ndi pafupifupi mamita 20.

Ku Albuquerque, mzinda wa m'cigawo ca New Mexico ku America, kumacitika cikondwerero ca mabaluni m'mwezi wa October. Cinayamba mu 1972 ndi mabaluni 13 okha, koma tsopano amasonkhana mazanamazana. Masiku ena madzulo mabaluniwo sauluka ai. Eni ace amawaimiritsa pansi, anthu nagwira madengu, kenaka onse aŵerenga mofuula nayatsa moto nthawi imodzi. Pamenepo baluni iriyonse iwala ngati nyali yaikulu, ina yofiira, ina yobiriŵira, ina yamawangamawanga. Patapita masekondi oŵerengeka moto uzimitsidwa, mdima nubwerera. Sangauyatse nthawi yaitali, cifukwa mpweya ukatentha kwambiri baluni ifuna kunyamuka.

Anthu ambiri amafuna kutenga cithunzi ca zokongolazi, koma ena abwerera kwao ndi cithunzi cakuda bii, kapena cosaoneka bwino. Cifukwa cace nciani?

Kamera ifanana ndi diso. Kutsogolo kwace kuli galasi, ndipo kuseri kwa galasi kuli kacitseko kamene katseguka ndi kutsekeka monga cikope. Cithunzi cipangika ndi kuwala kumene kuloŵa pamene kacitsekoko kali kotseguka. Masana kuwala nkocuruka, tsono katseguka kanthawi kocepa koposa kuphethira kwa diso. Usiku kuwala nkocepa, ndipo kayenera kukhala kotseguka nthawi yotalikirapo.

Apa ndipo pali bvuto. Tengani cikuni ca moto usiku, mucizunguze msanga m'mwamba. Kodi muona ciani? Simuona khala limodzi ai, koma mzere wa moto. Cimodzimodzi ndi kamera. Dzanja likanjenjemera pang'ono pamene kacitseko kali kotseguka, baluni isanduka mizere ya moto yosokonezeka. Ncifukwa cace wojambula wanzeru aika kamera yace pa coikapo ca miyendo itatu. Monga mphika ukhazikika pa mafuwa atatu, momwemonso kamera sigwedezeka pa miyendo itatu. Komabe asasiye kacitseko kotseguka mopitirira muyeso, pakuti baluni nayonso imagwedezeka ndi kamphepo, ndiponso moto ukaloŵa wambiri maanga onse a nsalu ayera mbuu.

Ena aganiza kuti kanyali kothwanima ka pa kamera kangathandize. Iai, kuwala kwace kufika pafupi pokha. Kangoonetsa mitu ya anthu oima patsogolo, baluni nikhalabe mumdima.

Nthawi yabwino koposa ndiyo ya cisisira, dzuŵa litangoloŵa, thambo lisanade kwenikweni. Pamenepo cithunzi cionetsa baluni yowala pamodzi ndi thambo ndi anthu oizungulira. Nthawiyi sicedwa kutha. Motero wojambula afika dzuŵa likalipo, nasankha malo ace, naimika kamera, nayesa cithunzi cimodzi kapena ziŵiri. Akatero adikira, cala ciri cire, makutu ali kwa oŵerenga aja. Moto ukangoyaka, iye atsinda. Amene ayamba kukonza kamera moto utayaka kale apeza kuti mdima wabwerera asanathe. Akulu anati, "Fulumira adadya gaga," koma pa nchito iyi wocedwa nayenso sadya kanthu. Cithunzi cabwino ncace ca munthu amene anakonzekeratu, nakhala cete, nadikira nthawi yace.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji baluni ikwera kumwamba?
2. Kodi kamera ifanana bwanji ndi diso?
3. Fotokozani nchito ya coikapo ca miyendo itatu.
4. Cifukwa ninji nthawi ya cisisira iposa pakati pa usiku kwa wojambula mabaluni?