Nyemba zikamavuta m'mimba, musafulumire kuzisiya

Nyengo ya Lenti ikafika, miphika yambiri Lachisanu imakhala ya nyemba. Ndi nthawi yomweyinso pamene ena mwa inu, amayi, mumandikokera pambali Misa ikatha n'kundinong'oneza kuti mimba yatupa ngati ng'oma.

Kwa ambiri, mpweya wa nyemba ndi nkhani yongoseka. Koma pali ena amene ali ndi vuto lomwe kuchipatala timalitcha IBS. M'mimba mumapota mobwerezabwereza kwa miyezi, lero kutsegula, mawa kudzimbidwa, ndipo nthawi zambiri ululu umachepa munthu akadzithandiza. Tikapima, sitipeza chilonda kapena chotupa. Matumbo awo amangomva kuwawa msanga akafufuma pang'ono.

Nyemba, nandolo, khobwe, nzama ndi soya zili ndi mtundu wina wa shuga umene thupi la munthu silitha kugaya. Umadutsa mpaka m'matumbo aakulu, kumene tizilombo tabwino tokhala m'menemo timaudya n'kutulutsa mpweya. Izi zimachitika kwa aliyense, ngakhale kwa abambo mfumu. Kusiyana kwake n'koti wa IBS mpweya womwewo umamupinda pakati.

Mwayi wake, shuga ameneyu amasungunuka m'madzi. Nyikani nyemba usiku wonse, tayani madziwo, muzitsuke, ndipo muphike m'madzi atsopano mpaka zipse bwinobwino. Sachoka yense, koma amachepa. N'chifukwa chake zotafuna zouma, monga soya wokazinga, zimavuta kwambiri: sizinakhale m'madzi, choncho shugayo ali momwemo, komanso munthu amangotola osadziwa kuti wadya zochuluka bwanji. Nthawi zina timanamizira nyemba pamene wolakwa ndi anyezi kapena adyo amene tathiramo, popeza nazonso zili ndi shuga wofufumitsa.

Mtedza ndi wosiyana. Akatswiri a pa Monash University ku Australia, amene anayeza zakudya zambiri pofuna kuthandiza odwala IBS, amauika m'gulu la zakudya zosavuta. Kadzanja kamodzi, pafupifupi magalamu 30, kapena chiponde pang'ono, ambiri amadya popanda vuto. Musapyole muyezo, chifukwa mafuta akachuluka nawonso amautsa matumbo. Wachuku tayani, musapatse ngakhale ana.

Ine sindivomereza kuti mayi asiyiretu nyemba. M'makomo mwathu nyama siipezeka tsiku lililonse, ndipo nyemba ndi zimene zimamanga thupi, makamaka la mayi woyembekezera kapena woyamwitsa. Yambani ndi masupuni awiri a mtundu umodzi, dikirani masiku atatu muone mmene mukumvera, kenako muwonjezere pang'ono. Wina nandolo amamuyanja, khobwe ayi.

Koma musadzipime nokha kuti muli ndi IBS. Mukaona magazi m'chimbudzi, mukamaonda popanda chifukwa, mukamadzuka usiku ndi kutsegula m'mimba, kapena vutoli likayamba mutapitirira zaka 50, imeneyo si nkhani ya nyemba. Pitani kuchipatala sabata yomweyo.