Jaji wa ku Mzuzu amafika bwanji pampando?

Pakhonde la bwalo lalikulu la milandu ku Mzuzu pamakhala anthu ochokera kutali. Wina walawirira kuchokera ku Chitipa, wina waoloka nyanja kuchoka ku Likoma, mapepala a mlandu wa malo atawakulunga m'jumbo kuopa mvula. Tsogolo lawo lili m'manja mwa jaji, koma ndi ochepa angakuuzeni kuti jajiyo anafika bwanji pampandopo. Gawo 111 la malamulo aakulu a dziko lino limati Jaji Wamkulu amasankhidwa ndi Pulezidenti, kenako aphungu awiri mwa atatu alionse amene avota ayenera kumuvomereza. A Andrew Nyirenda anadutsa njira imeneyi mu 2015, a Rizine Mzikamanda mu 2022. Majaji ena onse sapondako ku Nyumba ya Malamulo. Pulezidenti amawasankha potsatira maina ochokera ku bungwe la Judicial Service Commission, ndipo munthu wamba amangomvera pa wailesi zonse zitatha.

Ena amati mankhwala ake n'kutengera America, kumene jaji aliyense wa boma lalikulu amayenera kuvomerezedwa ndi nyumba ya Senate. Maganizowa ndi okoma pokamba, koma taonani zimene zinachitika mu 2016: Pulezidenti Barack Obama atasankha Merrick Garland kuti akhale jaji, chipani chotsutsa chinakana ngakhale kumuitana kudzamufunsa mafunso, mpaka chaka chinatha mpando uli wopanda munthu. Kwathu kuno chiopsezo n'choposa pamenepo. Pa 3 February 2020 majaji asanu, pakati pawo a Dingiswayo Madise amene anaweruzapo milandu ku Mzuzu konkuno, anafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019. Mu June chaka chomwecho boma linafuna kutumiza a Nyirenda kutchuthi chodikira kupuma ntchito, makhoti n'kuletsa. Jaji amene mpando wake anachita kupempha kwa aphungu akanavutika kulimba mtima chotere, chifukwa wokupatsa mpando amayembekezera kuti tsiku lina udzamukumbukira.

Chofunika n'kutsegula chitseko cha chipinda chimene ofuna ujaji amafunsidwiramo mafunso. Ku Kenya ndi ku South Africa mafunsowa amachitikira poyera, atolankhani ali pomwepo, ndipo anthu amaonera pa kanema. Odandaula amati maloya aluso adzathawa kuopa kuchititsidwa manyazi pagulu, ndipo n'zoona kuti ku South Africa mafunso ena akhala akusanduka ndale. Koma zimenezo zimakonzedwa ndi malamulo a kafunsidwe, osati ndi chinsinsi. Munthu amene akufuna mphamvu zolamula kuti mnzake akakhale kundende moyo wake wonse sangakane kufotokoza poyera chifukwa chake zigamulo zake zimachedwa, kapena chuma chake anachipeza bwanji. Maina atatuluka msanga, maloya a ku Mzuzu, mafumu a ku Mzimba ndi mayi wa ku Karonga amene mlandu wake unagona zaka pa tebulo la majisitireti wofuna kukwezedwayo angathe kulembera bungwelo Pulezidenti asanasaine.