Kusiya Mowa: Kunyumba Kapena Kuchipatala?

Kodi mwaganiza zosiya kachasu? Mwachita bwino. Koma yambani mwadzifunsa mafunso atatu awa.

Kodi mumamwa tsiku ndi tsiku? Kodi manja amanjenjemera m'mawa mpaka mutalawako? Kodi munagwapo ngati wakhunyu mutasiya kumwa?

Ngati mayankho onse ndi ayi, mungathe kusiyira kunyumba. Koma ngati pali inde ngakhale mmodzi, musasiye mwadzidzidzi muli nokha. Thupi lanu linazolowera mowa. Likausowa, pakapita masiku 2 kapena 3 mungathe kusokonezeka mutu, kuona zinthu zoti palibe, ngakhale kufa kumene.

Pitani kuchipatala ndi mbale wanu. Akakufunsani adokotala, musabise kuchuluka kwa mowa umene mumamwa. Iwo ali ndi mankhwala okhazika thupi pansi pa masiku ovuta oyambawo.