NYUMBA YOSAMALIKA SIVUTA MALONDA
Malangizo kwa anthu a ku Kande, ndi nkhani zina za kunyanjako

Inu amene mukhala ku Kande ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chintheche kufikira ku Tukombo, nkhani iyi ndi yanu. Masiku ano si chachilendo kumva kuti uje afuna kugulitsa nyumba yake. Wina wapeza ntchito ku Mzuzu. Wina afuna ndalama zolipirira ana kusukulu. Wina anapita ku Joni kalekale, ndipo nyumba yake yangokhala yogonamo mileme. Koma ambiri agulitsa motaya, chifukwa aitana wogula nyumbayo iri m'tchire.

Anthu a kunyanja kuno anadziwa nyumba yabwino kale. Amishoni a Livingstonia anafika ku Bandawe m'chaka cha 1881 natsegula sukulu, ndipo anyamata ambiri a Chitonga amene anaphunzira m'sukuluzo anapita kukagwira ntchito ku Harare, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni. Pobwerera kwao ena anamanga nyumba za njerwa zofolera malata, zakhonde lalikulu. Chomwecho sitirikukuphunzitsani chinthu chatsopano ayi. Tirikungokukumbutsani mwambo wa makolo anu.

WOGULA AYAMBA NDI MASO

Ganizani za munthu amene adzagula nyumba yanu. Kapena ndi mphunzitsi amene wapuma pa ntchito. Kapena ndi mayi wa malonda a usipa. Kapena ndi mnyamata wobwera kuchokera ku Joni ndi ndalama zake m'thumba. Munthuyo atsika basi pa msewu wa M5, nayenda pansi kulowa m'mudzi. Asanagwire chitseko chanu, maso ake aona kale njira, bwalo, denga ndi zipupa. Mtengo umene adzatchula wayamba kuupanga mumtima ali panjira pomwepo.

Tiyerekeze nyumba ziwiri zomangidwa chaka chimodzi, za zipinda zofanana. Ina iri ndi udzu wofika m'mawondo, zenera lotseka ndi katoni, ndipo mbuzi zigona pakhonde. Inzake iri ndi bwalo losesa, zipupa zoyera ndi chitseko chotsekeka bwino. Wogula poona yoyambayo ayamba kuwerenga ndalama zimene adzataya pokonza, ndipo ndalamazo azichotsa pa mtengo wanu, kawirikawiri mowirikiza. Poona yachiwiriyo ayamba kuganiza pamene adzaika mpando wake. Taonani tsono, kusiyana kwa nyumba ziwirizi sikunadye ndalama zambiri. Kwadya khasu, tsache ndi thukuta la masabata awiri kapena atatu.

NJIRA NDI BWALO

Yambani ndi njira yochokera kumsewu. Lambulani bwino, kwirirani maenje, ndi kudula nthambi zimene zikwapula munthu kumaso. Tchetchani udzu wonse wozungulira nyumba, pakuti m'menemo ndimo mubisala njoka ndi udzudzu. Chotsani zigoba za mabwato akutha, maukonde ong'ambika, zitini ndi mapepala apulasitiki. Kumbani dzala kuseri ndi kutayamo zinyalala zonse.

Koma musapale bwalo lonse kulisiya lamchenga wokhawokha. Kuno mvula igwa yambiri, ndipo bwalo lopanda kanthu likokoloka msanga. Siyani kapinga m'mbali, mumdule mwaufupi. Ngati mpanda wanu watsekera wagwa mbali ina, uimitseni kapena uchotseni wonse. Mpanda wopendekeka uipitsa nyumba koposa kusowa mpanda.

DENGA NDI ZIPUPA

Denga ndilo lioneka patali. Kwerani muone misomali imene yazuka ndi mphepo ya mwera, muikhomerenso. Chotsani miyala, njerwa ndi matayala amene munatsindira malata, chifukwa zimenezi ziuza wogula kuti dengalo liri pafupi kuuluka. Lata limene labooka ndi dzimbiri lichotseni, muikepo lina. Ngati nyumba ndi yofolera udzu, foleraninso mvula isanayambe, ndipo dulani udzu wam'mphepete mofanana.

Yang'anani mapaso ndi mafelemu a zitseko ngati chiswe chalowamo. Gogodani ndi chipande cha mpeni. Thabwa limene limveka ngati ng'oma ladyedwa m'kati, ndipo liyenera kuchoka. Gumulani njira zonse za chiswe pa zipupa, mulondole kumene zichokera.

Zipupa muyambe mwazitsuka, makamaka m'munsi mmene mumera ndere chifukwa cha chinyezi. Matani ming'alu yaing'ono ndi simenti, mudikire iume, ndipo pamenepo pakani njereza. Njereza ndi yotsika mtengo koposa penti. Musaipake yolimba ngati phala, chifukwa ikauma isenda. Isungunuleni ikhale yamadzimadzi, muthiremo mchere pang'ono, ndi kupaka kawiri kapena katatu, kudikira kuti yoyamba iume. Ndalama za penti muzisungire chitseko cha kumaso ndi mafelemu a mazenera. Ikani galasi pamene linasweka, thirani mafuta m'mahinjesi, ndipo loko akhale wotseguka ndi kiyi mmodzi popanda kukankha ndi phewa. Ngati khonde ndi ladothi, amayi alizire ndi mtsiro. Khonde lozira bwino likondweretsa maso monga lasimenti lomwe.

MADZI A MVULA

Mdani wamkulu wa nyumba za kunyanja ndi madzi. Madzi otsika pa denga akumba m'mbali mwa chipupa chaka ndi chaka, mpaka maziko aonekera poyera. Wogula wanzeru ayang'ana pamenepo poyamba. Kwirirani ndi dothi, mutsendere bwino, ndi kuyala miyala kapena zidutswa za njerwa pamene madzi agwera. Kumbani ngalande yaing'ono kumtunda kwa nyumba kuti madzi ochokera kuphiri apatuke, koma musawalozetse ku nyumba ya mnansi wanu, mungadzipalire mlandu.

KUSERI KWA NYUMBA

Ambiri akonza kumaso naiwala kuseri. Koma dziwani kuti wogula akabwera ndi mkazi wake, mayiyo apita kuseri kukaona khitchini, bafa ndi chimbudzi, ndipo mawu ake ndiwo adzatsiriza malondawo usiku kunyumba kwao.

Chimbudzi chikhale chofolera, chachitseko, ndi chotsekera pa dzenje. Pakhomo pake pakhale mpondagiya ndi sopo kapena phulusa. Ngati chadzaza kapena chayamba kutitimira, monga zichitira m'dothi lamchenga, kwirirani mukumbe china, kutali ndi chitsime mamita 30 kapena kuposa. Madzi a m'bafa asayende pabwalo: kumbani dzenje, mudzazemo miyala. Thandala la mbale likhale loima bwino. Migolo yoviikamo chinangwa ndi thandala loyanikapo usipa muziike kumene mphepo sibweretsa fungo pakhonde. Kondowole tonse timkonda, koma fungo la madzi ake silithandiza malonda.

MUSADULE MITENGO

Ena pofuna kugulitsa malo ayamba adula mitengo yonse kuti aotche njerwa kapena agulitse nkhuni, poganiza kuti apindula kawiri. Kumeneko ndiko kulakwa. Mango, malalanje ndi mapeyala amene akubala ndi chuma chimene wogula sangachipeze m'sitolo. Nyumba aimanga m'miyezi itatu, koma mthunzi wa mango ufuna zaka zambiri. Sadzani nthambi zokhazo zimene zikhudza denga, ndipo muonetse wogula mitengo yonse mmodzimmodzi, pamodzi ndi nthochi ndi chitsime ngati chiripo.

KUKONZA SI KUNAMIZA

Tsono pano mverani bwino. Kukonza nyumba ndi kwina, kubisa chirema ndi kwina. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mng'alu waukulu wochokera ku maziko kufikira ku denga sutha ndi njereza. Mukaubisa, udzaonekanso mvula yoyamba, ndipo wogulayo adzakutengerani ku bwalo la mfumu kapena ku khoti.

Nkhani ina ndi ya nyanja. M'chaka cha 2024 madzi a nyanja ya Malawi anakwera koposa zaka zambiri za m'mbuyo, nalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'maboma a Mangochi, Nkhotakota ndi Nkhata Bay. Ngati nyumba yanu iri pafupi ndi gombe, muonetseni wogula pamene madzi analekeza chaka chimenecho. Mukapanda kunena inu, anansi adzanena, ndipo pamenepo sadzakhulupiriranso mawu anu ena onse.

KODI NYUMBAYO NDI YANU NOKHA?

Funso iri liposa zonse zimene tanenazi. Musagule njereza musanaliyankhe.

Malo ambiri a m'midzi ndi malo a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu. Lamulo la malo a m'midzi la chaka cha 2016 linanena kuti m'dera la gulupu aliyense mukhale komiti yoona za malo. M'chaka cha 2022 malamulo a za malo anakonzedwanso, ndipo analetsa kugulitsa malo kwa munthu amene si nzika ya Malawi. Ichi nchofunika kwambiri ku Kande, kumene alendo a maiko ena afika chaka chonse nakopeka ndi mchenga woyera ndi chilumba chija. Chifukwa chake musachite malonda usiku kapena m'bala. Yambani mwakhala pansi ndi abale anu. Pitani kwa a nyakwawa ndi a gulupu, ndipo ngati nkhani yakula ifike kwa Mfumu Yaikulu Fukamapiri. Funsani ku ofesi ya Bwanamkubwa ku Nkhata Bay chimene lamulo lilola pa malo anuwo. Amene ali ndi lizi afunse ku ofesi ya za malo ku Mzuzu.

Ngati mwini nyumba anamwalira, kumbukirani kuti lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 liteteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Mchimwene kapena malume sangagulitse nyumba ana amasiye ali momwemo.

Yendani m'malire ndi wogula, anansi ndi mfumu masana dzuwa likuswa mtengo. Pamene pali manda a makolo munene poyera kuti pamenepo palibe malonda. Pangano lilembedwe pa pepala, mboni zisaine, ndipo aliyense asunge lake. Musapereke makiyi ndalama zisanakwane, ndipo nkwabwino kuti zilowe ku banki koposa kugona nazo pansi pa mphasa. Musathamangire woyamba kutchula mtengo. Kuona maso a nkhono nkudekha.

NKHANI ZINA ZA KUNYANJA

Kutseka nyanja. Asodzi akumbutsidwa kuti nyengo yoletsa makoka pa nyanja ya Malawi iyamba pa 1 Novembala chaka chiri chonse, kuti chambo chiswane mwamtendere. Kupha nsomba ndi masikito nkoletsedwa nthawi zonse. Masikito ndi ogonamo kuti ana asadwale malungo, ndipo m'madzi akokolola tiana ta nsomba timene tikadakula ndi kudyetsa mudzi chaka chamawa. Thandizani makomiti a m'madoko pa ntchito yao.

Kubzala mitengo. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno iyamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo. Kumbani maenje tsopano. Bungwe la Ripple Africa, limene liri ku Mwaya ndipo linayamba m'chaka cha 2003, lathandiza midzi yambiri ya m'boma lino ndi mbande za mitengo ndiponso mbaula yanjerwa yotchedwa Changu Changu Moto. Eni ake anena kuti banja limene lidatha mitolo itatu ya nkhuni pa sabata litha mtolo umodzi wokha likamanga mbaulayi. Mbaula yotere m'khitchini ikondweretsanso wogula nyumba.

Chenjerani ndi kolera. Mliri wa kolera umene unayamba m'chaka cha 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo dera la Tukombo linali pakati pa madera amene anavutika kwambiri m'boma la Nkhata Bay. Mvula iri pafupi. Musadzithandize m'nyanja kapena pamchenga. Madzi akumwa muwawiritse kapena muthiremo mankhwala amene alangizi a zaumoyo apereka. Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, mpatseni thanzi ORS ndi kuthamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Chilimika. Pofika Chaka Chatsopano amayi ndi atsikana a kunyanja kuno avina chilimika, ndipo midzi ichezerana. Alendo a m'midzi ina adzadutsa pakhomo panu, ndipo abale a m'tauni adzabwera kudzaona kwao. Pakati pa iwo pangakhale amene afuna nyumba. Ngakhale inu amene simuganiza zogulitsa, tengani chikwakwa ndi tsache sabata ino. Nyumba imene ikondweretsa wogula ndi yomweyo imene isunga ana anu amoyo.